Galimoto yakale ikamadontha oyilo wa giyabokosi

Bambo, ngati muli ndi kagalimoto kakale kaliwiro ngati MGB, ija inkapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo m'mawa uliwonse mukupeza oyilo pansi, musathamangire kutsitsa injini. Ndalama ya fizi ya ana ingathere pomwepo pachabe.

Yambani mwapeza podonthera. Tsukani giyabokosi yonse, ikauma muwazepo paudala wa mwana (mupemphe kwa mayi a kunyumba, osangotenga). Yendetsani pang'ono, kenaka suzumirani. Oyilo amasiya kanjira m'paudalamo.

Ngati akuchokera pa pulagi yokhuthulira oyilo, ingomangani bwino. Ngati ndi kumbuyo, polumikizira shafiti yopita ku matayala, ndiye kuti silo yatha, ndipo imeneyo amasintha giyabokosi ili pomwepo. Onaninso kabowo kopumira pamwamba. Kakatsekeka, mpweya umakankha oyilo ngakhale silo ili yatsopano.

Pamavuta ndi pamene oyilo akutsikira kutsogolo, pomwe pali kilachi. Apa injini ndi giyabokosi zimatuluka limodzi. Komanso MGB imamwa oyilo mmodzimodzi wa 20W-50 konse kuwiri, moti ndi fungo simungadziwe kuti ikudontha ndi iti. Mukatsitsa, sinthiranitu masilo onse awiri, muonenso kilachi, chifukwa ikanyowa oyilo imaterereka. Koma khalani pansi ndi akazi anu kaye, ndalama zake si zamasewera ayi.

Chonde musalowe kunsi kwa galimoto ili pa jeke yokha. Ikhazikeni pa masitandi achitsulo, ana akhale kutali.