ALANGIZI A ZA MADOKO ASIYE NZERU PAMUDZI

Munthu akaima pa siteshoni ya sitima pa boma la Mchinji, nyanja ya mchere ili kutali ndithu. Komabe mtengo wa feteleza amene mlimi wa kwa Mkanda agula, ndiponso phindu la mtedza wake, zimayambira pa doko la Nacala, kumene makontena amatsitsidwa ndi kukwezedwa m'zombo. Kontena ikagona padoko kuyembekeza mapepala, wolipira kugona kwake ndi mlimi yemweyo.

M'chaka cha 2021 World Bank inavomereza madola 380 miliyoni othandiza Malawi ndi Mozambique kufewetsa malonda m'njira zopita kunyanja. Ndalama zotere sizigula phula ndi simenti zokha ai. Zina zimalipira alangizi, ndiwo akatswiri olembedwa ntchito kwa kanthawi kuti agwirizanitse malamulo, mapepala ndi nthawi za sitima pakati pa doko ndi malo osungira katundu a kumtunda, monga a ku Kanengo. Alipo ena odandaula kuti kumeneku nkutaya chuma pa misonkhano. Ife sitivomerezana nawo, ndipo mboni yathu ndi Mchinji yemwe.

Njanje yochokera ku Salima, yomangidwa ndi chithandizo cha Canada, inafika ku Mchinji mu 1980. Kachigawo kotsala kolowa ku Chipata kanatsegulidwa mu 2010, patapita zaka 30. Zitsulo zikagona mbali imodzi ya malire, mbali inayo isanakonzeke, chuma cha mtundu chimangochita dzimbiri. Tsono lero zomanga zambiri zilipo: chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami chinatsegulidwa mu December 2022, ndipo mu October 2023 atsogoleri a Malawi, Mozambique ndi Zambia anakomana ku Nacala potsegula doko lokonzedwanso ndi chithandizo cha Japan, nasainirana pangano la njirayi. Chotsala ndicho kuti maofesi a maiko atatuwa agwire ntchito ngati ofesi imodzi.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anatinso mlendo ndi mame. Mau onse awiri ngoona. Chifukwa chake tipempha kuti mlangizi aliyense akhale pamodzi ndi anthu athu a kasitomu ndi a njanje tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito yake iyesedwe ndi chinthu chimodzi: masiku amene kontena itenga kuchoka ku Nacala kufika pa Mchinji.

Inu a m'maofesi a Boma, lipoti la alangizi lisaolere m'kabati. Liwerengeni, mufunse mafunso eni ake asanakwere ndege. Nanu aphunzitsi, onetsani ana pa mapu njira yochokera ku Chipata, kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi, mpaka kunyanja. Pakati pa anawo pali amene adzayendetse njirayi alendo atapita kwao.