MAGANIZO ATHU: Wotuluka m'ndende muperekezeni akalembetse voti

Mu November 2018, anthu a m'cigawo ca Florida ku America anavota kuti amene anatsiriza cilango ca milandu ikuluikulu abwezeredwe ufulu wovota, kupatula opha anthu ndi ogwirira. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 65 anavomera. Anthu okwana ngati 1.4 miliyoni ndiwo anayenera kupindula. Amene anatsogolera nchitoyi, a Desmond Meade, naonso anagonapo m'ndende.

Cimwemwe sicinakhalitse. Mu 2019 aphungu a kumeneko anapanga lamulo lakuti munthu ayambe walipira faindi ndi ndalama zonse za khoti asanavote. Ambiri analibe ndalamazo. Ena sanadziwe n'komwe kuti ngongole yao ndi zingati, pakuti boma linalibe buku limodzi losonyeza zimenezi. Bungwe la a Meade linacita kusonkhetsa mamiliyoni a madola kuti liwalipirire. Kenaka mu August 2022 apolisi anagwira anthu pafupifupi 20 powanena kuti anavota mosaloledwa, conseco ena mwa iwo khadi lovotera anapatsidwa ndi boma lomwelo. Ataona anzake m'maunyolo, ndani angayesenso?

Kuno kwathu lamulo ndi labwinoko. Mu 2017 khoti la Constitutional Court, pa mlandu umene anapereka a Godfrey Malembeka a bungwe la PRISCCA, linagamula kuti ngakhale mkaidi ali ndi ufulu wovota, ndipo pa 12 August 2021 akaidi anavota koyamba. Ngati wa m'kati avota, wotuluka palibe comuletsa.

Koma phunziro la ku Florida litikhudza. Munthu afika pamudzi kucokera ku Namuseche kapena ku Mukobeko, NRC inasowa kalekale, ndalama ya basi yopitira ku boma alibe. Ngati analembetsera kundende, dzina lake lili komweko, ndipo munthu amavotera kumene analembetsera. Pamwamba pa izi pali manyazi, ndi anansi omuuza kuti wakuba mbuzi savota. Limeneli ndi bodza.

Tipempha atsogoleri a miphakati ndi apampando a makopaletivu, amene amadziwa nyumba iliyonse: funsani wobwerayo ngati ali ndi NRC ndi khadi lovotera. Ngati alibe, muperekezeni ku ofesi ya zitupa, ndipo a Electoral Commission of Zambia akatsegula kalembera, mupite naye akasamutse dzina. Koma musamuuze cipani coti avotere.