Phokoso si mphamvu, eni mapikiapu

M'magalaja mwabuka kachizolowezi kena. Manifodi a pikiapu yakale akangong'aluka, amakaniko ena amafulumira kuti, "Bwana, tayani chimenechi, tiikepo ma headers." Ife tikuti eni galimoto ayambe afatsa.

Manifodi ndi chitsulo chokhuthala chija chimasonkhanitsa utsi wa m'masilinda onse n'kuutumiza ku ekizozi. Ma headers ndi mapaipi opyapyala, silinda iliyonse paipi yakeyake. Zoonadi utsi umatuluka mosavuta ndipo injini imapezako timphamvu, koma timphamvuto timamveka kwambiri injini ikamazungulira mwaliwiro. Nanga Nissan 1400 yodzaza matumba a kachewere, ikuchoka pa Lizulu pang'onopang'ono, liwirolo ilipeza kuti? Imene imachuluka ndi nkokomo basi, anyamata pa depoti n'kumaombera m'manja.

Mapaipi opyapyalawa amamwaza kutentha mu boneti, ndipo mawaya ndi mapaipi a petulo oyandikira amapsa msanga. Pamsewu wa mabampu mabauti amakhwefuka, gasiketi n'kuyamba kufwenthera. Tsiku limene galimoto yagona ku galaja, tomato akuwola.

Tsono manifodi ong'aluka asalekereredwe. Utsi wothawira pamenepo uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha koma wakupha, ndipo umatha kulowa muli dalaivala. Funani ena abwino kwa ogulitsa zipangizo zakale. Ngati n'kuwotcherera, pitani kwa mmisiri wodziwa kuti chitsulo chimenechi chimayamba chatenthetsedwa, kenako n'kuzizira pang'onopang'ono. Akachithira madzi, chithekanso pomwepo.