TIYENI TIKAONE KUMENE MADZI ATHU ACHOKERA

Munthu wa ku Salisbury Lines akadzuka m'mamaŵa nayang'ana chakum'maŵa, nkhungu ikayera, amaona mapiri a Kaning'ina. Ambiri a ife tabadwira ndi kukulira pansi pa mapiri ameneŵa, koma oŵerengeka okha ndiwo anapondako phazi. Timati kukwera phiri popanda chokatenga ndi maseŵera a alendo a kunja, kapena a anthu osoŵa chochita. Ife a tsamba lino tikuti maganizo otereŵa ndi olakwika, ndipo akutitayitsa chuma chachikulu.

Mzuzu unayamba mu 1947 ngati malo a munda wa mitengo ya tung, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 220,000. Ambiri mwa anthuŵa amamwa madzi a mtsinje wa Lunyangwa, umene magwero ake ali m'nkhalango ya Kaning'ina. Madziwo amayamba aima m'damu la Lunyangwa, kenaka a Northern Region Water Board amawatsuka ndi kuwatumiza m'mipopi. Tsono mayi amene amaima pamzere ndi ndowa yake akudalira mitengo imene sanaionepo chibadwire.

Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi basi, wosafuna galimoto kapena ndalama zambiri. Munthu akanyamuka kusanatenthe, atatenga botolo la madzi, mbatata yophika ndi nthochi, amakhala atabwera dzuŵa lisanaloŵe. M'njiramo muli mitengo ya miombo ndi masuku, timitsinje tozizira ndi mbalame zimene m'tauni sitizimva. Akafika pamtunda natembenuka, amauona mzinda uli pansi pake, ndipo amamvetsa chifukwa chake madzi a mvula amathamangira kumalo otsika onga kwathu kuno.

Koma woyendayo adzaonanso zina zoŵaŵa mtima: zitsa zatsopano ndi mauvuni a makala akufuka utsi. Apa tisafulumire kuloza chala. Matumba amene amatsika pa njinga mbandakucha amathera pa mbaula zathu zomwe. Wootcha akufuna chakudya cha ana ake, ifenso tikufuna moto wophikira, koma wolipira ngongole yonseyi ndi phiri. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka nikaithira m'damu, ndipo m'chilimwe timitsinje timaphwa msanga. Anthu a m'dambo muno sanaiŵale mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwetsa nyumba zambiri mumzinda uno. Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Phiri likavulidwa amabwera ndi ukali woposa.

Nchifukwa chake tikupempha aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi magulu a achinyamata kuti asankhe Loŵeruka limodzi m'miyezi yopanda mvula, atenge ana akaone okha. Mwana amene wamwa madzi pa kasupe, naona chitsa pambali pake, sasoŵanso womuuza kufunika kwa mtengo.

Pali zofunika kusamala. Kaning'ina ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, choncho yambani mwapempha chilolezo kwa a zankhalango, ndipo mutenge munthu wodziŵa njira. Musayende nokhanokha, musayandikire malo a asilikali a Moyale, ndipo musakoleze moto kapena kutaya mapepala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nyamulani chofunda, pakuti nkhungu ya kuno imatsika mosachenjeza ndipo yasokeretsa ngakhale odziŵa tchire.

Kumene damu limatunga madzi ndi panja pa khomo lathu pomwe, ndipo kukaonako sikulira kanthu koma nsapato zolimba ndi kudzuka msanga. M'gawo lotsatira tidzaloŵera kum'mwera, pa msewu wa M1, kukaona thanthwe la Elephant Rock ndi zimene zatsala pa mitengo ya paini ya ku Chikangawa.