CINGEREZI CISAKHALENSO MPANDA KWA ANA ATHU

Abale ndi alongo a mu Chipata, a ku Feni, a ku Chiparamba ndi midzi yonse yozungulira: caka ciri conse, zikaturuka zotsatira za mayeso otsiriza a pulaimale, timamva dandaulo limodzi-modzi m'nyumba zathu. Mwana masamu awadziwa, Cinyanja awerenga bwino, koma Cingerezi camgwetsa. Atate akwiya nati mwanayu ndi mbuli. Amai ati aphunzitsi ndi aulesi. Ife tiri kunena kuti mwanayo si mbuli iai, ndipo tifuna kuonetsa pamene pagona bvuto.

Tiyambe takumbutsana kumene tacokera. Masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, tauni yathu ino ikali kuchedwa Fort Jameson, Cingerezi cinali mpanda umene atsamunda anamanga kuti atitsekere kunja. Munthu wofuna kuponya voti pa masankho a Citaganya anayenera kukhala ndi cuma kapena malipiro a mlingo wakuti, ndiponso kudziwa kulankhula, kuwerenga ndi kulemba Cingerezi. Mwana wa munthu wakuda anali kulimbana ndi mayeso a Standard VI, ndipo akapambana anali kupeza kuti malo a sekondale ndi owerengeka: Munali ku Lusaka, Chipembi ya atsikana, ndi masukulu ena ocepa. Pa 24 October 1964, tsiku limene tinalandira Ufulu, dziko lonse lino linali ndi anthu akuda a digiri ngati 100 cabe, ndi a satifiketi ya sekondale ngati 1,200. Mpanda umenewo tinaugwetsa. Ticita manyazi kuuona uli kumeranso pakhomo pa mwana wa zaka 13.

Tisabise mlandu wathu. Boma la cipani cathu ca UNIP ndilo linagamula mu 1965, Bambo John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro, kuti ana aziphunzira zonse m'Cingerezi kuyambira Grade 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsimikiza zimenezi. Colinga cinali cabwino: dziko la mitundu yoposa 70 linafuna cinenero cimodzi coti mphunzitsi wa ku Mongu athe kuphunzitsa ku Katete. Koma cipatso cace m'midzi cinali ana oimba mau a Cingerezi ngati nyimbo, osadziwa cimene ali kuimba. Mu 1977 nkhaniyi inaunikidwanso, Cingerezi cinatsala pamalo pace. Mu 1996 boma lina linabvomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca kwao. Mu 2014 anati Grade 1 kufikira Grade 4 aphunzire m'cinenero ca kumaloko, Cingerezi citenge malo pa Grade 5. Maphunziro atsopano amene anayamba kulowa m'masukulu mu 2025 anabwezera Cingerezi kutsogolo nafupikitsa pulaimale kukhala zaka 6. Boma liri lonse libwera ndi nzeru zace, ndipo wosenza katundu ndi mwana wa ku Mchini ndi wa ku Nabvutika. Koma pa kusintha konseku cinthu cimodzi sicinasunthe: mafunso a masamu, a sayansi ndi a za cikhalidwe amene Examinations Council of Zambia imakonza amabwera m'Cingerezi. Mwana wosamva Cingerezi sagwa pa pepala limodzi lokha.

Tsono tiyeni tione mafunso amene amazunza ana athu koposa, ndiwo a kulumikiza ziganizo. Woyesa apereka ziganizo ziwiri zazifupi nati zipange cimodzi, tanthauzo losasintha. Ana ambiri amaona ngati ndi matsenga a Azungu. Si matsenga. Mwana ali yense wa zaka 5 amalumikiza ziganizo tsiku lonse pa bwalo: "Sindinadye cifukwa ndiwo zinatha." "Ndidzabwera ngati amai andilola." Mau akuti koma, cifukwa, ngakhale, ngati, pokhapokha, amene, ali nao kale m'kamwa. Cimene sanauzidwe ndi cakuti Cingerezi ciri ndi alumikizi omwewo, koma miyambo yao isiyana ndi yathu pa malo owerengeka. Malo amenewo ndiwo mbuna zimene woyesa amakumba.

Mbuna yoyamba nayi. Woyesa alemba: Tisa was sick. She went to school. M'Cinyanja cathu palibe colakwa kunena kuti, "Ngakhale Tisa anali kudwala, koma anapita ku sukulu." Ngakhale ndi koma ayenda pamodzi ngati mkulu ndi mphwace. Mwana atenga mwambo umenewu nalemba: Although Tisa was sick, but she went to school. Walakwa, ndipo sadziwa cifukwa cace, pakuti m'mutu mwace ciganizoco ciri cowongoka. Mphunzitsi amene angomcekera colakwaco ndi inki yofiira sanamthandize. Amuuze poyera, m'Cinyanja ngati kufunika, kuti kwa Angerezi although ndi but sakhala m'nyumba imodzi. Asankhe mmodzi: Although Tisa was sick, she went to school, kapena Tisa was sick but she went to school. Mwana wouzidwa motere saiwalanso.

Yaciwiri ndi yozama kuposa. Ife timati, "Mnyamata amene ndinamuona ku msika wa Kapata ndi msuweni wanga." Taonani kamau kakuti mu m'kati mwa ndinamuona: mnyamatayo tamchula kale, koma timchulanso m'kati mwa mneni. Ndico cikhalidwe ca cinenero cathu, ndipo ncokoma. Mwana acinyamula cikhalidwe cimeneci nalemba: The boy whom I saw him at Kapata Market is my cousin. Kamau ka him ndiko kamgwetsa, pakuti m'Cingerezi whom watenga kale malo a him, ndipo sabwerezanso. Comweco ndi The man who sells charcoal he is my uncle: he alibe nchito pamenepo. Ndipo pano mwana wathu ayenera kulimba mtima, cifukwa iye amasankha bwino tsiku ndi tsiku pakati pa amene, umene, limene, cimene, zimene, kamene ndi timene osaphonya. Cingerezi cingofunsa funso limodzi: kodi ndi munthu kapena cinthu? Munthu atenga who, cinthu citenga which. Wodziwa kusenza mitolo 7 angalephere bwanji iwiri?

Pali mau ena amene abisa kukana m'mimba mwao. The bag is too heavy for Mabvuto to carry. Mwana afunafuna not, sampeza, naganiza kuti Mabvuto ananyamula thumbalo. Sananyamule! Thumba lalemera, Mabvuto sangalinyamule, ndipo ciganizo cofanana naco ndi The bag is so heavy that Mabvuto cannot carry it. So ayenda ndi that, too ayenda ndi to, ndipo very sayenda ndi mmodzi wa iwo. Unless nayenso ngwotere. Unless you hurry, you will miss the bus, ndiye kuti basi idzakusiya pokhapokha ufulumire. Mwana amene aonjezapo don't watembenuza nkhani yonse, wauza mnzace kuti acedwe.

Zina nzazing'ono, tingozichula podutsa. Ife tiri ndi iye mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, motero ana amati my mother he. Amati borrow me your pencil pamene ayenera kuti lend me, ngakhale kubwereka ndi kubwereketsa akusiyanitsa bwino kwao. Izi zimatha ndi kuyeseza.

Tikumbukenso kuti ana ambiri a kuno Cinyanja ca m'buku si cimene anayamwa. A kwa Mpezeni ambiri alankhula Cingoni cosakanizika ndi Cinsenga, a ku cigwa ca Luangwa Cikunda, ocokera ku Lundazi Citumbuka. Mwana wotere pofika pa Cingerezi ali pa cinenero cacitatu. Kodi ndi Mngerezi uti wa zaka 13 amene analembapo mayeso a sayansi m'cinenero cace cacitatu? Cifukwa cace tiri kutsutsa kotheratu mwambo wakale wa kulanga mwana kapena kumnyoza cifukwa walankhula cinenero ca amace pa bwalo la sukulu. Unali mwambo wa atsamunda, ndipo kumene ukali kucitika uleke. Cinenero ca amace ndiwo mlatho woolokera ku Cingerezi.

Cina cotidetsa nkhawa ndi mtundu wa mayesowo. Mwana apatsidwa mayankho A, B, C ndi D, nadetsa ndi pensulo pamene wasankha. Ena afika pa mayeso asanalembepo ciganizo cacitali ndi dzanja lao, angozolowera kulota cilembo. Wolota akhoza kupulumuka ndi mwai, koma ku Chizongwe kapena ku St. Monica's adzamuuza kuti alembe cimangirizo ca tsamba lathunthu, ndipo kumeneko kulibe A kapena B. Aphunzitsi, musanaonetse ana mayankho anaiwo, aphimbeni. Mwana ayambe walemba ciganizo cace, pambuyo pace afunefune cofanana naco pa zinaizo. Ndipo makolo, wina akadza usiku ndi pepala nati ili ndilo lidzabwera pa mayeso, perekani ndalama, mpitikitseni. Wogwidwa ndi zotere zotsatira zace zimafafanizidwa, ndipo wosagwidwa apita ku sekondale ndi mutu wopanda kanthu.

Maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 tiwayamika, ngakhale sanacokere m'manja mwathu. Ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera ku sukulu. Koma makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaconge makope a ana onsewo tsiku liri lonse. Tipempha Unduna wa Maphunziro utumize aphunzitsi ndi mabuku owerenga ku masukulu a m'midzi poyamba, osati a m'tauni okha.

Koma sitidzakhala manja lende kudikira Lusaka. Masiku a nkhondo ya Ufulu nthambi za cipani zinali kuyenda khomo ndi khomo, ndipo nchito imeneyo tiidziwa. M'mudzi uli wonse ndi m'komboni iri yonse muli mphunzitsi wopuma pa nchito, muli mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Grade 12 amene akhala cabe. Akulu a nthambi awapeze anthu amenewa, ali yense atenge ana 5 kapena 6 pansi pa mtengo wa mango, kawiri pa sabata, kwa ola limodzi dzuwa lisanalowe. Asafunse ngati atate a mwanayo ali a cipani citi. Apemphe kwa ahedi a sukulu mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Ciganizo ciri conse ana ayambe acilumikiza m'Cinyanja, kenaka m'Cingerezi, ndipo anene okha pamene ziwirizo zasiyana.

Inu amai ndi agogo amene simunapite ku sukulu, musati izi nza ophunzira. Madzulo mwana akabwera, muuzeni mau awiri aafupi, monga akuti mvula inagwa, tinapita ku munda. Iye awalumikize ndi ngakhale, awalumikizenso ndi cifukwa, ndipo akuuzeni kusiyana kwace. Atatero awalembe m'Cingerezi m'kope lace, mawa akaonetse aphunzitsi.