Botolo lopanda dzina ndi msampha m'sukulu

Mchigawo cha Tete ndi cha Niassa achinyamata ambiri akulowa maphunziro a zaumoyo, zaulimi ndi zamigodi, ndipo onsewa njira yawo imadutsa m'laboratoriyo, chipinda choyeseramo mankhwala. Kumeneko mwana amapatsidwa botolo la asidi m'manja. Funso loyenera kulifunsa ndi lakuti: kodi asanatsegule botololo, pali amene wamuuza zimene lingamuchite?

Ngozi za m'laboratoriyo sizisankha sukulu yosauka. Mu Ogasiti 1996, pa Dartmouth College ku United States, Pulofesa Karen Wetterhahn, katswiri wa poizoni wa zitsulo, anadonthetsera timadontho ta dimethylmercury pa magolovesi a labala amene anavala. Iye anatsata malamulo onse amene ankadziwika nthawiyo, koma panalibe wodziwa kuti mankhwalawo amaboola labala m'masekondi owerengeka. Patapita miyezi isanu anayamba kudzandira poyenda ndi kuvutika polankhula, ndipo anamwalira mu Juni 1997 ali ndi zaka 48. Pambuyo pake malangizo a magolovesi ogwirira mankhwalawo anasinthidwa.

Mu Disembala 2008, pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, mtsikana wa zaka 23 ankakoka ndi jekeseni tert-butyllithium, mankhwala amene amayaka okha akakumana ndi mpweya. Jekeseniyo inasolotoka, moto unagwira juzi yake ya ulusi wa pulasitiki, ndipo iye sanavale chovala chodzitetezera. Anamwalira patatha masiku 18. Apa kuopsa kwa mankhwala kunali kodziwika ndi kolembedwa kale, koma ofufuza a boma anapeza kuti mtsikanayo sanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti.

Imfa yoyamba inadza chifukwa chidziwitso kunalibe. Yachiwiri inadza chifukwa chidziwitso chinalipo koma sichinafike kwa wogwira botolo. Ndiyo yachiwiriyi imene sukulu iliyonse ingaipewe, ngakhale yopanda ndalama.

Mu 2003 bungwe la United Nations linasindikiza dongosolo lotchedwa GHS, lakuti mankhwala oopsa azilembedwa mofanana dziko lonse. Lili ndi zizindikiro 9 zojambulidwa m'kati mwa mzere wofiira. Chigaza ndi mafupa ndi poizoni wopha msanga. Lawi ndi chinthu choyaka. Lawi pamwamba pa chozungulira ndi mankhwala okolezera moto. Madzi odontha pa dzanja ndi pa chitsulo ndi mankhwala odya thupi. Ndiponso mankhwala aliwonse amayenera kubwera ndi chikalata cha zigawo 16, chimene pa Chipwitikizi amati Ficha de Dados de Segurança. Gawo 4 limanena za chithandizo choyamba, gawo 7 za kasungidwe, gawo 8 za zovala zodzitetezera.

Tsono chikalata chotsekeredwa m'kabati ya mkulu wa sukulu sichipulumutsa diso la mwana. Botolo likabwera ndi mawu a Chingerezi, mphunzitsi n'kuphunzitsa m'Chipwitikizi, pamene wophunzira amaganiza m'Chinyanja, chenjezo limatayika panjira. Woiwalika kwambiri ndi wosesa m'chipindamo, amene amatsuka mabotolo ndi kutaya zotsala popanda womuuza kanthu. Iyeyu akasakaniza mankhwala oyeretsera zovala a javel ndi asidi, pamatuluka mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo.

Ena amati njira yabwino ndi kukhoma laboratoriyo, ana aziphunzira pa bolodi basi. Mantha amenewa ndi omveka, koma namwino kapena woyesa miyala ya mgodi amene sanagwirepo asidi pasukulu adzakakumana naye kuntchito ali mbuli. Ena amati chitetezo chimafuna ndalama zambiri. Zoona, kabati yokoka mpweya woipa ndi yodula. Koma kulemba dzina ndi tsiku pa botolo kumafuna cholembera chokha. Kuthira asidi m'mabotolo a zakumwa kungaletsedwe lero lomwe. Chidebe cha madzi oyera ndi china cha mchenga sizifuna thandizo lochokera ku Maputo.

Malamulo oyambirira ndi ochepa ndipo angakhomedwe pakhoma m'zinenero zonse ziwiri. Asidi ndiye amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi m'asidi, chifukwa kutentha kwake kumathovukira kumaso. Mankhwala akagwera m'diso, litsukidwe ndi madzi kwa mphindi 15 munthu asanathamangire kuchipatala. Chitsulo cha sodium chimasungidwa m'mafuta chifukwa chikakhudza madzi chimayaka. Mankhwala sakokedwa ndi pakamwa, ndipo m'chipindamo sadyeramo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana sangafunse za ngozi imene sakuidziwa. Udindo uli pa aphunzitsi, akulu a sukulu ndi a nthambi ya maphunzi m'chigawo. Oyang'anira sukulu akafika, asamangowerenga mabuku a mayina ndi magiredi. Alowe m'laboratoriyo, anyamule botolo limodzi, afunse wophunzira dzina lake, kuopsa kwake ndi choyenera kuchita likatayika. Ngati wophunzirayo sayankha, phunziro la tsikulo liime kufikira atadziwa.