Tiyese Mphamvu za Matauni Athu Tisanayambe Kumanga

A Malaŵi anzanga, mlimi wanzeru sagula mbewu asanayende m'munda mwake kuti aone ngati dothi ndi la katondo, la makande kapena la mchenga. Koma pa nkhani yotukula matauni, ambiri a ife timaiŵala nzeru imeneyi. Timathamangira kuika mwala wa maziko, kenaka ndi pamene timafunsa kuti tauniyo idzadya chiyani.

Kalembera wa mu 2018 anatiuza kuti anthu m'dziko muno anali atapitirira 17 miliyoni, ndipo 16 mwa anthu 100 alionse ankakhala m'matauni. Ambiri mwa iwo anaunjikana m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Nchifukwa chake pansi pa masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, panasankhidwa malo asanu ndi atatu oti akule kukhala mizinda: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima, Mangochi, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ganizoli ndi labwino ndithu. Komabe dzina lolembedwa pa pepala silinalembepo munthu ntchito. Tauni iliyonse iyenera kuyankha mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi midzi yozungulira tauniyo imatulutsa chiyani? Mzuzu unayamba m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tang'i. Malonda a tang'i anafa, koma Mzuzu sunafe, pakuti unali pa mphambano ya misewu, unali ndi maofesi a Boma, khofi wa m'mapiri ndi matabwa a ku Chikangawa. Mu 1985 unakhala mzinda. Ku Karonga nako, mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009 ndipo unaima mu 2014, anthu ochuluka nachotsedwa ntchito. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Tauni yodalira chinthu chimodzi yakhalira nthambi youma.

Funso lachiŵiri: kodi katunduyo adzafika bwanji ku msika? Doko la ku Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu 2010, koma mgwirizano ndi dziko la Mozambique wodutsa pa mtsinje wa Zambezi unali usanatheke, ndipo zombo zamalonda sizinabwere. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Taonaninso Liwonde. Ili pa mtsinje wa Shire, ili pa msewu waukulu, ndipo njanji ya ku Nacala inafikako mu 1970. Mwayi ulipo woonekeratu. Koma sitima yonyamula malasha a ku Moatize ikangodutsa osaima, mayi wogulitsa nandolo pamsika atsala ndi phokoso lokha. Funso lenileni ndi lakuti: ndi matumba angati a mpunga, nandolo ndi thonje a ku Machinga ndi Balaka amene angakonzedwe ndi kupakiridwa pa Liwonde pomwepo?

Funso lachitatu ndi limene makhonsolo ambiri amaliopa: kodi khonsolo imatolera ndalama zingati payokha? Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yotolera msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za malonda ndiponso ndalama za pamsika. Khonsolo yosadziŵa chiŵerengero cha nyumba ndi masitolo a m'dera lake singakonze ngalande, singaole zinyalala, singaike magetsi m'misewu. Ndipo wamalonda samanga fakitale pamalo pamene madzi ndi osoŵa, magetsi ndi othimathima, ndi malo omangapo ali pa mkangano.

Tsono pempho langa kwa makhansala, mafumu ndi alembi a makhonsolo ndi ili: tulukani m'maofesi. Ŵerengani malole oloŵa ndi otuluka pa tsiku la msika. Funsani a zigayo, akalipentala ndi asodzi chimene chimawalepheretsa kukula. Lembani malo amene madzi amasefukira, pokumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu 2023. Zimene mwapezazo kaziŵerengeni poyera pamaso pa anthu, ngakhale zikhale zoŵaŵa.

Ana athu akuchoka m'midzi chaka ndi chaka. Tikayesa molakwa, adzathera m'zisakasa za m'mphepete mwa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo ngongole ya nyumba zopanda ntchito idzalipidwa ndi iwo omwewo. Tiyambe tayenda m'munda, a Malaŵi anzanga, mbewu tigule pambuyo.